Msewu wa Zilembo Zitatu

Lachinayi, mu hotela ya kunsi kwa mlatho wa njerwa ku Stockport,
anandipatsa chipinda chapansi ndi maketulo awiri.
Pachitseko panali pepala: Msonkhano wa Amalonda.
Malonda anji, sanalembe.

Kunabwera majuzi a ubweya, magalasi olendewera pazingwe,
mayi wina ndi ambulera yodontha,
bambo wina wokana shuga chifukwa dokotala anamuletsa.
Ndinali pa kapu yachisanu pamene ndinamva
kuti awa ndiwo eni masamba a zolaula pa intaneti.
Dzanja linanjenjemera, supuni inalira m'mbale.

Mlandu wake unali wa malo.
Akuti kukutsegulidwa msewu watsopano m'malere muja,
adiresi yake kadontho ndi zilembo zitatu zopingasa,
ndipo onse a ntchito imeneyi asamukire komweko.

Bambo Pendlebury anaimirira, bisiketi ili m'manja:
Tikakhala ndi chikwangwani chathu, kholo lidzationera patali,
lidzatseka geti, mwana sadzalowa mosochera.
Nafenso tidzayenda masana ngati anthu.

Mayi Oldroyd sanavutike n'kuimirira.
Anati: mbuzi imayamika khola mpaka tsiku lobwera wogula.
Mukatiunjika mumsewu umodzi,
mpiringidzo umodzi utikwanira tonse.
Lero akuti bwerani mwaufulu, mawa lamulo, mkuja mdima.
Nanga lendi ya kumeneko adzadya ndani?
Dzina langa ndalilipirira zaka khumi ndi ziwiri,
ndiligulenso kachiwiri poopa kuti wina angalitole?

Anakokana mpaka mazenera anachita thukuta.
Mapaundi, maloya, mabanki okana makhadi awo,
ana, ana, ana,
dzina la ana linkayenda patebulo ngati mbale ya mchere,
aliyense kutapako pang'ono n'kupatsira mnzake.

Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi pamene ndinaima,
mtsikana wina anakweza chala. Carys, anatero.
Chikhotho sanavule tsiku lonse.
Mukukangana za geti, eni nyumba inu.
Ife amene nkhope zathu zapachikidwa m'makomamo,
ndani watifunsa msewu umene tikufuna kukalambiramo?
Panakhala chete wa masekondi anayi, ndinawerenga.
Kenaka wapampando anayang'ana wotchi
n'kunena kuti masangweji afika.

Ine sandifunsa, ndine wa ketulo.
Koma ndili ndi Lonjezo, zaka khumi ndi zitatu,
m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ku Edgeley.
Ndikaweruka usiku ndimapeza kuwala kobiriwira kunsi kwa chitseko chake,
kumazima ndikangotsokomola.
Mwina ndi mpira chabe. Sindinafunsepo.
Mawu ofunsira ndinawasiya kwathu,
ndipo kwathuko sanandipatse okwanira.

Ndikukumbuka kamsewu kena ku Lilongwe
kamene anatiuza kuti tisadzapondemo.
Tinkakadziwa kuposa njira ya kutchalitchi.
Chikwangwani chimachenjeza, inde,
chimalozanso.
Koma mudzi wopanda chikwangwani
umakugwetsa m'dzenje ukupita kokagula buledi.
Ndinaima pakati pa ziwirizi, mkaka ukuzizira m'jagi.

Anabalalika osagwirizana.
Bambo Pendlebury anandithokoza kawiri,
Mayi Oldroyd anaiwala ambulera,
Carys anandithandiza kuunjika mbale osanena kanthu,
zala zake zozizira ngati zanga.

Pabolodi anasiya zilembo zija, zitatu, zofiira.
Kusukulu kwathu chilembo chimenecho chinkati walakwa.
Ndinazifufuta ndi nsanza yonyowa,
chachitatu chinakana, chinasiya chipsera.

M'basi foni inanjenjemera m'thumba.
Lonjezo: Mwachedwa, amayi. Ndakusungirani chakudya.
Kumapeto kachilembo komweko, kamodzi kokha.
Kuno amati kameneko n'kupsompsona.
Ndinakayang'ana mpaka ndinapitirira siteji yanga,
ndikuyeseza chamumtima funso loyamba,
mvula ikulemba ndi kufufuta pagalasi.